M'manda Muja Muli Nthochi

Mikolongwe,
Lachinayi masana.

Mwana wanga Feliya,

Ndakulola dala kuti upite ku Mbombwe kukatsanzikana ndi anzako, kuti ndipeze mpata wokhala pansi ndi cholembera. Mawa amuna ako akubwera kudzakutenga, ndipo ndikudziwa mmene zidzakhalire. Anthu adzadzaza pakhonde, uyu akufuna kukupatsa nandolo, uyu akufuna kupemphera, ine n'kumangoti uyende bwino ngati munthu wapadera. Kalatayi ndiibisa pansi pa zitenje m'sutikesi mwako. Usaiwerenge m'njira. Ukafike kaye ku Nakala, ukasese m'nyumba mwako, ukagone masiku awiri, kenako ukaitsegule uli wekha.

Malangizo a banja anakupatsa kale alangizi, ndipo ena mwa iwo ndi oti ine mayi wako sindingawatchule. Ine ndili ndi nkhani imodzi ndi ntchito imodzi yoti ukandigwirire. Ndiyamba ndi mutu wake, chifukwa ndikayamba kuzungulira ndifika kumapeto kwa pepala ndisanaunene, monga ndakhala ndikuchitira zaka khumi ndi ziwiri.

Atsibweni ako a Waisoni, achimwene anga obadwa nawo bere limodzi, sanafe pa nkhondo ya ku Mozambiki. M'manda muja timakalambula chaka ndi chaka mulibe munthu, muli thunthu la nthochi. Zimenezo akuluakulu onse a pamudzi pano akuzidziwa, timangobisira inu ana. Chimene sakudziwa n'chakuti ine ndinawaona achimwenewo ndi maso angawa, ali moyo, akusoka pakhonde pa chilumba china chapafupi ndi kumene ukupitako. Anandipempha kuti ndidzawaitane kumudzi. Ndinalonjeza, ndipo mpaka lero sindinawaitane. Ndikufuna ukawaitane iweyo m'malo mwanga, ngati akadali moyo.

Uli ndi zaka ziwiri, achimwene ananyamula sopo ndi mchere pa njinga kupita ku Milanje, tsidya la Muloza, monga ankachitira ntchito ya utelala ikachepa. Sanabwerere. Patapita miyezi, munthu wina wothawa nkhondo anafika ndi jekete yong'ambika, ya magazi ouma, nati anaitola pamalo pamene asilikali a m'tchire anaphera anthu. Nthawi imeneyo anganga ako, amayi anga, anali atasiya kudya. Ankakhala pamwala wa m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, kuyang'anitsitsa njinga iliyonse yochokera ku Mulanje. Akuluakulu atandifunsa ngati jeketeyo ndikuidziwa, ndinati ndi yawo. Feliya, majekete otuwa a pa kaunjika amafanana onse. Sindinali wotsimikiza, koma ndinkafuna kuti amayi achoke pamwala paja. Adzukulu anadula nthochi ya kuseri kwa nyumba yathu, anaiveka jekete ija, anaikulunga m'nsalu, tinalira, tinaika, tinameta. Alamu anga a Enelesi tinawasudzula, ndipo patapita zaka anakwatiwa ndi adikoni aja ukuwadziwa. Chimene sunachione bwino usamachilumbirire, mwana wanga, ngakhale utafunitsitsa kupukuta misozi ya munthu amene umamukonda.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate, nkhondo itatha tsidya lija, ndinalandira kalata yochokera kwa Rozina, mayi wina wothawa nkhondo amene tinam'patsa malo kumunda kwathu, ndipo anali atabwerera kwawo ku Nampula. Analemba kuti atapita kukacheza ku chilumba chotchedwa Ilya, anasoketsa nsalu kwa telala wina amene ankayankhula Chinyanja cha kwathu kuno, ndipo chala chake chakumanzere chinali chopindika. Cha achimwene anachipinda ndi chitseko cha khola tili ana. Abale anakhala pansi, nagwirizana kuti ndipite ineyo, poti ndine ndinkadziwa kuwerenga zikwangwani ndiponso ndine ndinalumbira za jekete. Ndinayenda masiku anayi, sitima, lole, sitima ina, lole ina, nditavala nsapato zanga za kutchalitchi ngati ndikupita ku msonkhano wa amayi.

Ukadzafika udzaona wekha. Kuti ulowe pachilumbapo umadutsa pa mlatho wautali, woonda, woti galimoto ziwiri sizipatukirana. Ine wobadwira pansi pa phiri, wozolowera mitsinje yoti umailumpha, ndinatseka maso kuyambira kuchiyambi mpaka kumapeto, ndikuimba nyimbo ya maliro chamumtima. Tawuni yake ndi yaying'ono, ukhoza kuiyenda yonse madzi a tiyi asanawire kawiri. Mbali ina kuli nyumba zikuluzikulu zamiyala za Apwitikizi, zambiri zopanda madenga, mitengo ya kachere itamera m'makoma, anthu akuphika m'zipinda zoti kale munkakhala mabwana. Mbali inayo kuli nyumba zofolera ndi masamba a kokonati, zothithikana, zomangidwa m'maenje moti ukaima pamsewu umaona madenga ali kumapazi kwako. Paliponse pamene waima, ukacheuka uku madzi, ukacheuka uko madzi. Kulibe munda, kulibe ng'ombe, kulibe ngakhale chulu. Ndinadzifunsa kuti anthu amenewa amadya chiyani, ndipo ndinayamba kuwanyoza ndisanapatse moni ndi mmodzi yemwe.

Achimwene ndinawapeza pakhonde, kumunsi kwa msika. Anali atavala mkanjo ndi kofiya, ndevu zitachita imvi, ataweramira makina. Ndinaima patali ndikuyang'ana mmene ankanyowetsera ulusi ndi malovu asanaulowetse pa singano. Atadzutsa mutu anandiyang'ana, kenako anati, "Elube, wakalamba bwanji iwe?" Ndinangokhala pansi pamchenga pomwepo n'kuyamba kulira ngati pamaliro, chifukwa kulira kumene ndinkakudziwa kwa munthu ameneyu kunali komweko.

Tsopano mvera zolakwa zanga, uzitenge ngati kamba wa pa ulendo. Akazi awo a kumeneko, dzina lawo a Atija, anandilandira ndi manja awiri. Anandiikira chigubu cha madzi ndi kapu pakhomo la chipinda. Ine, pokhala ndinali ndi fumbi la masiku anayi, ndinanyamula chigubu chonsecho kupita nacho kuseri, ndinasamba, ndinachapa chitenje, otsalawo ndinathira pamapazi mwaulemerero. Nditabwerako ndinapeza ana atatu a pakhomopo akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mawa lake ndi pamene ndinadziwa kuti zitsime za pachilumbapo n'zamchere, ndipo madzi akumwa amachokera kutali, pamutu, mutaima pamzere kuyambira mbandakucha. Ndinali nditasamba madzi akumwa a banja lonse a masiku awiri. A Atija anangonyamula chigubu n'kubwerera pamzere. Safunsa anadya phula, Feliya. Kwa eni ake, ngakhale madzi uzifunsa kaye kuti ndi a chiyani.

Cholakwa china chinali cha pa mbale. Anandiphikira mpunga wa kokonati ndi chamoyo china cha m'nyanja cha miyendo yambiri yoterera, chimene kumeneko ndi ndiwo ya mlendo wolemekezeka. Nditavundukula mbale ndinakwinya nkhope, ndinati m'mimba simuli bwino. Atachoka ndinakakhala kuseri kwa nyumba n'kumakukuta chimanga chokazinga chimene ndinanyamula kuno. Ndikukukuta choncho, ndinaona mthunzi pakhoma. Anali a Atija, atabwera ndi madzi otentha oti ndimwe m'mimba muleke kupweteka. Tinayang'anizana, ine chimanga chili m'kamwa. Manyazi amenewo ndimawamvabe ndikamakazinga chimanga. Kumene ukupitako adzakupatsa zinthu zoti agogo ako sanazilotepo. Udye, ngakhale pang'ono, ndipo uyamike. Mimba imazolowera msanga kuposa mtima wa munthu amene wamukanira chakudya.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri pa alamu angawo ndi ichi. Chiyankhulo cha pachilumbapo n'chachibale ndi Chilomwe cha makolo athu. Ife tinakula tikuchibisa Chilomwe, chifukwa kusukulu ankatiseka ndi dzina lija lotinyoza, koma m'makutu chinatsalamo. A Atija akamayankhula pang'onopang'ono, ndinkamva theka la zimene ankanena. Ndinamva pamene ankandifunsa za amayi. Ndinamva pamene ankandiuza kuti amuna awo akadwala malungo amatchula mayina a kwathu. Koma ine ndinkangopukusa mutu ngati gonthi, kudikira achimwene kuti amasulire. Ndinkaona ngati ndikawayankha ndiye kuti ndavomera kuti ndi mlamu wanga, pamene mumtima ndinali nditawaweruza kale kuti ndi mkazi wa Chisilamu amene anatibera munthu. Mayi ameneyu ndiye anawatola achimwene pamsika ali mafupa okhaokha, zilonda zili m'mapazi, iye ndi bambo ake n'kuwadyetsa phala ndi supuni miyezi itatu. Ine mlongo wawo nthawi imeneyo ndinali nditawaika kale m'manda. Munthu akakuyankhula ndi mtima wabwino, umuyankhe ndi mawu alionse amene uli nawo, ngakhale akhale othyokathyoka.

Ngakhale dzina ndinalimbana nalo. Kumeneko amadziwika kuti a Amade, dzina limene analandira polowa Chisilamu. Ine ndinkachita dala kuitana mokweza kuti achimwene a Waisoni, makamaka pakakhala anthu obwera kudzasoketsa. Lachisanu atapita ku mzikiti ndinakhala pakhonde n'kutsegula buku langa la nyimbo kuti aliyense wodutsa aone kuti pano pafika Mkhristu. Iwo sanandidzudzule. Anangoti mayina onse awiriwo ndi awo, lina anawapatsa amayi amene anawabala, linalo anawapatsa anthu amene anawadzutsa, ndipo sangataye lililonse.

Tsiku lachitatu ananditenga kukayenda m'mphepete mwa nyanja m'mawa. Madzi anali atathawira kutali, ngalawa zitagona cham'mbali pamchenga, amayi akutola tinkhono pamene dzulo lake panali nyanja. Ndinavula nsapato zanga za kutchalitchi zija, ndinaziika bwinobwino pafupi ndi ngalawa ina kuti ndidzazipeze pobwerera. Achimwene anaona koma anali ndi zambiri mumtima, sanalabadire. Tinayenda mpaka kumapeto kwa chilumba, iwo akundiuza zimene sanauzepo munthu wa kwathu. Anati atagwidwa ndi asilikali a m'tchire aja anawasenzetsa katundu zaka ziwiri, ndipo anaona zinthu, anachitanso zinthu, zoti sangathe kuzinena pamaso pa amayi. Anati atathawa analemba makalata awiri nkhondo ili mkati, amene kuno sanafike, osayankhidwa, ndipo mtendere utabwera anachita mantha. Anali atakwatira, atasintha chipembedzo, atabereka ana, ndipo sankadziwa kuti akalowe ndi nkhope yanji pamudzi. Pobwerera tinapeza ngalawa ija ikuyandama, nsapato zanga zitapita ku India. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kuseka kwawo komwe kuja kwa pa ubwana, ndipo nane ndinaseka. Ndi tsiku lokhalo limene tinali ngati ana a mayi mmodzi.

Titakhala pakhoma lina lakugwa kuti mapazi aume, anandifunsa za amayi. Ndinati ali moyo, angowonda. Anandifunsa za a Enelesi. Ndinati ali bwino, n'kutsekera pomwepo. Kenako anayang'ana pansi nati, "Kodi kumudzi munandilira?"

Feliya, apa ndi pamene ndinayenera kutsegula pakamwa. Ndinayenera kunena za jekete, za nthochi, za kumeta, za adikoni. Koma ndinaona nkhope yawo, ndinakumbukanso kuti amene analumbira ndine. Ndinati, "Ayi achimwene, tinkangoyembekeza."

Misozi inatsika m'ndevu zawo. Anandigwira dzanja n'kundithokoza, ine wabodza. Anati akufuna kubwera adzagwade pamaso pa amayi, adzamasule a Enelesi mwa mwambo, adzaonetse ana awo kumene kunachokera magazi awo. Koma anati, "Munthu wotayika salowa pamudzi ngati mbuzi. Upite ukakonze kaye anthu, ukawauze zonse za ine, za kofiya iyi ndi za mayi wa ana angawa. Akakonzeka undiitane. Usanandiitane sindibwera." Ndinalonjeza kuti tikangokolola ndidzalemba.

Masiku awiri otsalawo anasiya ntchito za anthu n'kusoka diresi ya amayi. Sanafunse muyeso, anangondifunsa kuti awonda motani, ine n'kuonetsa ndi manja. Inali ya nsalu yabuluu ya maluwa ang'onoang'ono, ndipo a Atija ndiwo anakasankha. Tsiku lonyamuka anandiperekeza onse mpaka pa mlatho, ine nditavala patapata za alamu anga amene ndinawakanira chakudya.

Njira yonse yobwerera ndinkakonza mawu. Ndinatsika pa msewu waukulu ndili nawo okonzeka, ndithu. Koma ndisanafike kunyumba ndinakumana ndi a Enelesi akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, khanda lili kumbuyo, wina akuwagwira chitenje. Atandiona anaima. Sanandipatse moni, anangondiyang'ana, madzi a m'ndowa akutayikira pa mwana. Pamenepo ndinayamba kuwerenga zimene mawu anga akagwetse. Ukwati wawo unadalitsidwa m'tchalitchi pa umboni wakuti mwamuna woyamba anafa. Adikoni akanatsitsidwa pa udindo, anawo akanayamba kulozedwa zala. Manda akanafukulidwa pamaso pa mudzi wonse, ndipo aliyense akanakumbuka amene anati jekete ndi yawo. Ine mlembi wa amayi a mumpingo ndikanaima kutsogolo n'kunena kuti mchimwene wanga tsopano amavala kofiya. Ndingakonde kukuuza kuti ndinaganizira a Enelesi okha, koma ndanena kuti m'kalata muno simukhala bodza. Ndinadziganizira kwambiri ndekha.

Pakhomo ndinapeza anthu atasonkhana. Amayi anali pamphasa, ndipo sanadikire kuti ndimwe madzi. Anati, "Ndi iyeyo?"

Ndinati, "Si iwo, amayi. Ndi munthu wina, Myao wa ku Mangochi."

Mitima ya anthu inakhala pansi, ena anati tinanena ife, ena anayamba kundifunsa za nyanja. Ndinawasimbira za nsapato zanga, anaseka, nkhani inathera pomwepo. Ngakhale malemu bambo ako ndinawauza zomwezo, ndipo anapita kumanda osadziwa kanthu.

Madzulo anthu atabalalika ndinatulutsa diresi ija, ndinati ndawagulira pa msika wa ku Nampula. Amayi anaitambasula pamiyendo. Uyenera kudziwa kuti anganga ako ankafwenkha fodya, ndipo poopa akulu a mpingo ankabisa kabotolo kake. Achimwene akamawasokera chovala chilichonse ankaika kathumba kobisika m'kati, cha m'chiuno kumanzere, kokwana kabotoloko basi. Ine ndinali nditaiwala, ndipo posoka sindinaone. Amayi sanafufuze n'komwe. Dzanja lawo linangopita lokha pamalopo, zala ziwiri zinalowa. Anatulutsa kabotolo kawo, anakalowetsa, kanakwana ndendende. Anandiyang'ana, kenako anati, "Telala wa ku Nampula ameneyu amandidziwa."

Sanandifunsenso kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma kuyambira pamenepo anasiya kupita kukalambula manda aja, ndipo anayambanso kukhala pamwala wa kumsewu. Anthu ankati ndi ukalamba. Ine ndinkawapititsira phala pomwepo, iwo n'kulandira osandiyang'ana. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndinena, madzulo n'kumati mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu, mwana wanga. Mvula itagwa kawiri anamwalira, ndipo tinawaika atavala diresi yomweyo monga anapemphera. Iwe unali pomwepo, unanyamula nkhata ya maluwa, ukuikumbuka diresi yabuluu ija.

Achimwene analemba makalata atatu, kudzera ku sukulu kumene ndinkagulitsa mkaka. Yoyamba inkafunsa ngati takolola. Yachiwiri inkafunsa ngati diresi inawakwana amayi. Yachitatu inali yaifupi, inkangoti akudikirabe ndipo maso ayamba kuvuta. Papita zaka zisanu ndi chimodzi chilandirireni imeneyo. Onse atatu ndawaika pamodzi ndi kalata ino, ukawawerenge kuti ukadziwe dzanja la atsibweni ako. Sindinayankhe ndi imodzi yomwe, chifukwa kuyankha kunali kunena kuti amayi anamwalira akudikira, ndipo amene anatseka njira ndine.

Tsiku la chinkhoswe chako, pamene msuweni wanga anaimirira kuyankhula ngati mwini mbumba, ine ndinalira, ndipo anthu ankati ndi chimwemwe. Mwini mbumba weniweni, amene anayenera kukupereka, anali pakhonde lake tsidya la mlatho osadziwa n'komwe kuti wakula. Ndiye amuna ako atanena kuti ntchito yawo ya pa doko yawasamutsira ku Nakala, ulendo wa maola ochepa kufika pachilumba paja, ndinadziwa kuti Mulungu watopa nane. Mlandu suola.

Usaganize kuti ndikukusenzetsa katundu ine n'kukhala manja lende. Lolemba lapitali ndinapita kwa a Enelesi. Ndinawapeza akutong'ola chimanga, ndinakhala pansi, ndinanena zonse. Anapitiriza kutong'ola mpaka chitsononkho chinatsala choyera. Kenako anati, "Alamu, ndinadziwa tsiku lomwelo pa njira ya kumjigo. Mutanama ndinakuthokozani mumtima, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikudzida chifukwa cha kuthokoza kumeneko. Aitaneni." A Enelesi akawauza okha amuna awo, adikoni aja. Lamlungu likudzali, iwe utapita, ndaitana abale onse ndi akulu a mpingo. Za manda aja akuluakulu adzanena mwambo wake, kaya afukula, kaya achita zotani, ine ndidzaima pomwepo. Mwina ulembi andilanda, mwina ena sadzandipatsanso moni. Ndachita mantha, sindikubisira, koma mantha amenewa ndi opepuka kuposa amene ndakhala nawo.

Iwe ukukayamba banja pakati pa anthu achilendo, kopanda mayi wako woti uthamangireko. Udzalakwitsa zambiri, za madzi, za mbale, za moni, ndipo zimenezo anthu amaseka n'kuiwala. Chimene ndikukuchenjeza ndi bodza lachifundo. Limabwera litavala bwino, limakuuza kuti ukusunga mtima wa mnzako, ukusunga mtendere wa pakhomo. Ine ndinanama katatu, ndipo katatu konseko ndinkadziuza kuti ndikuchitira wina zabwino. Amuna ako ukawalakwira, uwauze tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Akakufunsa funso lolemera, usathamangire yankho lofewa. Kalata ino uwaonetse, adziwe mtundu wa apongozi amene ali nawo, ndipo uwapemphe akuperekeze.

Usadikire kuti mukhazikike kaye, usadikire malipiro, usadikire kuti mvula ithe. Loweruka loyamba limene amuna ako apuma, mukwere galimoto. Mukawoloka mlatho mukatsike pa msika, mukalowere kumunsi kumene kuli nyumba za m'maenje, chakufupi ndi mzikiti wobiriwira. Ukafunse a Amade, telala wa ku Malawi. Ukatchule dzina limenelo, lina lija ukalisunge mpaka iwo akalitchule okha. Uvale chitenje, ufunde kumutu. Unyamule nandolo ndi ufa wa kuno, ndiponso patapata zatsopano za a Atija. Ukawagwadire mayi amenewo, ukawatche azakhali, ukawauze kuti ine mlamu wawo ndinkamva zimene ankanena, ndipo ndikupepesa.

Ukawapeza atsibweni ako, usayambe ndi zokoma. Uwauze kuti tinawalira, tinaika nthochi, ndipo amene analumbira ndine. Uwauze kuti a Enelesi ali pabanja ndipo alibe nawo mangawa. Uwauze kuti amayi anamwalira, kuti diresi inawakwana, kuti kathumba anakapeza, ndipo anadziwa. Akafuna kunditukwana uwalole, usandiikire kumbuyo. Akatha, uwauze kuti Elube akuti anthu akonzeka, bwerani ndi kofiya yanu, ndi akazi anu, ndi ana anu.

Ukakapeza kuti ndachedwa, upemphe azakhali ako akulozere pamene anawaika. Ufunse ngati mwambo wawo umalola mkazi kufika pamanda. Akakana, ukaime kunja kwa mpanda, ukanene mawu omwewo mokweza, m'Chinyanja cha kwathu kuno, osasiyako ndi amodzi omwe. Kenako uitane ana awo, chifukwa kuno kuli malo awo.

Ukatero undiimbire foni pa nambala ya kusitolo, adzandiitana. Ndikadzafunsa kuti ndi iwowo kodi, ali moyo kodi, anati chiyani za ine, udzamva mawu anga akunjenjemera ndipo udzandimvera chisoni, pakuti ndiwe mwana wa mtima wofewa. Usadzandisunge mtima, Feliya. Udzandiuze mmene zilili.

Mulungu akutsogolere pa msewu ndi pa mlatho.

Ndine mayi wako,
Elube